Wachisanu ndi Chinayi

Ndinafika ku Potosi ndi chikwama chodzaza choko
ndi mtima wodzaza ine ndemwe.
Ndinkati ndabwera kudzapereka.
Phiri linandiyankha usiku womwewo,
linandilanda mpweya,
mutu nkumagunda ngati muli wina akukhoma misomali.
Sisitere Remedios anabwera ndi madzi otentha a masamba a koka,
nati m'Chisipanishi chimene ndinkachitola ngati khunkha:
imwa, gona, usathamange,
kuno ngakhale galu amayenda mwaulemu.

Kalasi ili kuseri kwa tchalitchi,
mawindo awiri, limodzi lotseka ndi katoni.
Ana makumi atatu ndi mmodzi,
masaya ong'aluka ndi chisanu,
zipewa zaubweya mpaka m'makutu.
Mmodzi anandikhudza pamkono, nayang'ana chala chake
kuti aone ngati ndimasuluka.
Tinaseka mpaka ine kubanika.

Limbert amakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
kuti belu la masana likalira asachedwe kumgodi.
Zaka khumi ndi zitatu.
Amakankha ngolo ya miyala m'malo mwa bambo ake
amene chifuwa chawo chinadzaza fumbi.
Ndinalemba pabolodi:
munthu akagulitsa matumba asanu pamtengo wakuti,
apeza ndalama zingati?
Anakweza dzanja.
Profe, zimatengera sikelo ya wogulayo.
Samuyo ndinaifufuta ndi mkono wa jekete.

Koma wondisowetsa tulo ndi Delfina.
Lachinayi lina, anzake atathamangira mpira,
anabwera ndi kope lake, natsegula tsamba lomaliza.
Mayina asanu ndi atatu, lina pansi pa linzake,
Annika, Tobias, Mirae, Gonzalo, mpaka m'munsi,
lililonse ndi tsiku lofika ndi tsiku lochoka.
Uyu anatiphunzitsa kupinda mapepala kukhala mbalame.
Uyu analira kwambiri pokwera basi, nalonjeza kalata.
Uyu sanathe ndi mwezi womwe, mphuno inkangotuluka magazi.
Onse anali abwino, Profe,
koma aliyense amayambira tsamba loyamba.
Tsamba loyamba timalidziwa.
Taliyamba kasanu ndi katatu.

Anandipatsa pensulo yake yolumidwalumidwa.
Ndinalemba dzina langa pang'onopang'ono,
ndipo ataona ŵ ali ndi kadenga kake anamwetulira:
ngakhale chilembo chanu chavala chipewa,
chinamva za kuno.

Pampata wa tsiku lochoka dzanja linauma.
Tikiti ili m'chikwama, pansi pa masokosi,
tsikulo ndikulidziwa ngati dzino lobowoka.
Ndikanatha kunena kuti sindinaganize.
Koma mwana wosunga kaundula sanamizidwa.
Ndinalemba.
Anawerenga pazala, zinakwana dzanja limodzi.
Miyezi isanu. Ndiye mawa tiyambire tsamba makumi anayi,
mpamene Mirae anasiyira.

Tinayambira pomwepo.
Zinali zogawa zotsala ndi nyenyeswa,
ndipo Limbert, fumbi lili m'nsidze,
anamaliza ine ndisanatembenuke.

Masiku ano usiku, nditafunda mabulangete anayi,
mphepo ikukanda malata,
ndimalemba m'kope lina lachikuto chobiriwira.
Ndikulembera iwe wakhumi, amene sindidzakuona:
Usayambire tsamba loyamba.
Yhoselin saona bolodi, koma sanganene, umuike kutsogolo.
Mpando wa pachitseko ndi wa Limbert, usamufunse chifukwa.
Akagona m'kalasi, musiye mphindi khumi.
Mapasa a kwa Choque amasinthana mayina Lachisanu.
Sabata yoyamba usakwere masitepe ukulankhula.
Ndipo kamtsikana ka malungo awiri a tsitsi
kakadzabwera ndi kope lake, anzake atatuluka,
udzalembe tsiku lenileni.

Sisitere akuti adzalisunga m'dirowa ya choko,
pamodzi ndi makiyi.
Mmawa uno madzi a m'ndowa anagwirana ngati galasi.
Delfina anawaswa ndi chidendene cha nsapato,
natsuka bolodi,
nalemba pakona nambala ya tsamba la lero.